Dzenje la Njanji Ziwiri

Mexico, 9 Malichi 1969

Cirila mkazi wanga,

Ndikhulupirira kalatayi ikupeza uli bwino, iwe pamodzi ndi ana athu Otilia ndi Fermín. Ine kuno ndili moyo, ndikudya, ndikugona. Upereke moni kwa mlongo wako Macario, umuuze kuti chipewa chake chija sindinaiwale, kungoti mitengo ya kuno ikuluma.

Ndatumiza mapeso zana limodzi ndi theka pa positi. Ugule nsapato za Otilia ndi mchere, zotsalazo usunge. Mbuzi yamawanga ija usagulitse, ngakhale Macario atakunyengerera chotani.

Andichotsa ku ngalande kuja. Tsopano ndili m'dzenje lalikulu, pamene njanji ziwiri zidzapingasane, ina pamwamba ina pansi pake. Unandifunsa kuti sitima ziwiri zingakumane bwanji pansi pa nthaka osagundana. Sizikumana ayi, mayi. Okumana ndi anthu. Munthu atsika sitima yapamwamba, atsetsereka pa masitepe, adutsa mumpita wautali, n'kukakwera yapansi, dzuwa osaliona n'komwe. Mpita umenewo ndi umene gulu lathu lapatsidwa kuti limange.

Dothi lake si dothi, ndi phala. Amati mzinda wonsewu wakhala pa nyanja yakale. Ukangokumba kufika m'chiuno madzi ayamba kale kukupatsa moni, ndipo mapampu amalira osapuma. Injiniya wina anatiuza kuti siteshoniyi iyenera kulemera chimodzimodzi ndi matope amene tikuchotsamo. Ikalemera kwambiri imira, ikapepuka iyandama n'kutukula msewu ndi mabasi omwe. Ponciano, mnzanga wa ku Puebla amene timagona chipinda chimodzi, anakweza dzanja ngati mwana wa sukulu.

"Bwana, ndiye pa tsiku lotsegulira akapitawo athuwa asadzalowemo. Mimba imeneyo idzatimiza tonse."

Anthu anaseka mpaka kutsamira mafosholo. Akapitawowo, Don Rutilo, anaseka nawo, kenako anamupatsa Ponciano wilibala yopindika tayala kuti akankhe tsiku lonse.

Tsopano za mphekesera wamva ku chigayo, zoti ndodo ya mudzi chaka chamawa ndi yanga. Usade nkhawa. Lamulo la mudzi wathu wa San Bartolo sindinaliiwale, ndinabadwira momwemo. Msonkhano ukakutchula, pa 1 Januwale upezeke utaima pabwalo, ulandire ndodo, utumikire mudzi chaka chathunthu wopanda malipiro. Ukapanda kubwera, munda wako ubwerera ku mudzi. Pamene ankamulanda Hilario ndinalipo, dzanja ndinakweza nawo. Dimba la kumtsinje lija bambo anga anasenza miyala ya migula yake pamsana, sindingalitaye chifukwa cha dzenje la eni. Akuti pofika Okutobala ntchito ikhala itatha. Tsiku la Akufa, kumayambiriro kwa Novembala, ndidzadyera kwathu.

Ndine mwamuna wako,
Zenaido

Mexico, 6 Meyi 1969

Cirila,

Ndamva kuti Fermín chimfine chamusiya, tiyamike Mulungu. Ine ndili bwino kwambiri, mwinanso kuposa kale lonse, ndipo uona chifukwa chake.

Mole unapera uja, msuzi wathu wa tsabola, unafika ndi woyendetsa basi, chitini chili chomata bwino. Unafika pa nthawi yake, poti Loweruka linali tsiku la Mtanda Woyera. Ukudziwa kuti omanga tonse tsiku limeneli timazika mtanda pansonga pa chimene tikumanga. Ndiye panabuka mkangano, chifukwa ife tikumanga chotsika. Nsonga yathu ili kuti? Ena ankati tiumangirire ku chimakina chonyamulira zitsulo. Wina anati tiuike pansi penipeni, poti ndi kumene ntchito ikulowera.

"Pansi pamenepo pali mwini wake, mdyerekezi wamchira uja," anatero Ponciano. "Talowa kale pabwalo pake osaodira, tsono mukufuna timuzikirenso mtanda pakhomo?"

Mapeto ake tinaupachika pa chitsulo chopingasa chimene chimagwira makoma kuti asatiphwanyire pakati. Mtandawo ndinapala ndine, ndi matabwa otsala pothira konkire, n'kuuveka maluwa a mapepala. Mtanda sukhala wopanda wokaupereka kwa wansembe, ndiye ndinavula chipewa n'kukapempha Don Rutilo. Anavomera, Cirila! Anaunyamula okha mpaka ku tchalitchi, anagula zophulitsa ndi mowa. Pobwerako ndinawaikira mbale ya mole wako ndi ntchafu ya nkhukundembo, ndinawapsompsona dzanja, n'kunena mawu aja timanena kwathu, m'chilankhulo chathu. Sanamvepo kanthu koma anagwedeza mutu, ndipo anadya mpaka kupukuta mbale ndi totiya, buledi wathu wopyapyala wa chimanga. Kuyambira tsiku limenelo ine ndi iwowo ndife makompadire, chibale chopangidwa pamaso pa Mulungu.

Titakhuta anandikokera pambali, dzanja lawo lili paphewa langa.

"Kompadire, ukuwamva mapampuwo? Amenewo sadzazima mpaka Yesu adzabwere, madzi a nyanjayi satopa. Siteshoni ikadzatsegulidwa padzafunika anthu owayang'anira. Ntchito ya muyaya imeneyo, ya yunifolomu, ana chipatala chaulere, ukakalamba penshoni. Manja ako ndawaona. Ungokhala pano mpaka tsiku lopereka makiyi, zinazo usiyire ine."

Taganiza, Cirila. Otilia kufika ku sekondale! Ndipo za ndodo zikonzeka zokha. Munthu wa malipiro a mwezi ndi mwezi msonkhano umamulola kulemba wina woti amunyamulire ndodo, ena anachitapo. Ntchito ndiyamba Okutobala, pofika Januwale ndidzakhala ndi zomulipira Macario kuti atumikire m'dzina langa. Dimba lidzakhala lathu, ntchito idzakhalanso yathu. Usamuuze kaye Macario, pakamwa pake sipasunga kanthu.

Ponciano nditamufotokozera anangopukusa mutu, n'kunena kuti mapanga awiri avumbwitsa. Ndi nsanje chabe, iye mtanda wake palibe anaunyamula.

Upalire nyemba msanga mvula isanalimbe. Ndatumiza zochepa ulendo uno, nkhukundembo ija inadula.

Wako,
Zenaido

Mexico, 17 Ogasiti 1969

Cirila mkazi wanga,

Pepa kuti ndakhala chete. Ndikhulupirira nonse muli bwino ndipo chimanga cha kudimba chamasula. Ine ndilipo. Kachifuwa kandigwira pang'ono, koma ndi chinyezi chabe, aliyense m'dzenjemu akutsokomola.

Zachitika kuno ndi izi. Tikukumba mpita uja, piki ya munthu wina inalira mwachilendo. Titapalasa matope tinapeza masitepe a miyala, ndipo m'munsi mwake mutu wa njoka wosema, waukulu ngati mtsuko, utoto wofiira ukadali m'kamwa. Zili pakati penipeni pamene anthu amayenera kudzadutsa. Don Rutilo ananong'ona kuti tikwirire msanga, koma injiniya anali ataona kale.

M'mawa mwake kunafika anthu ophunzira a zakale. Anazunguliza chingwe, analetsa makina onse kuyandikira, n'kugwada m'matope ndi timaburashi tonga totsukira mano. Mayi mmodzi wa iwo, wa magalasi, amatha m'mawa wonse akupukuta dzino limodzi la njokayo. Ife tikutuluka ndi matope m'ndowa, pamutu, ndipo amatiitana masiku ena okha. Tsiku limene sanakuitane sulandira kanthu. N'chifukwa chake mwezi watha sunaone kalikonse ku positi.

Mayi wa magalasiyo anandifunsa kwathu. Nditamuuza kuti ndine wa kumapiri a Oaxaca, anasangalala, akuti kalekale anthu a kwathu ankabweretsa msonkho mumzinda uno, mwinanso ena a iwo anasenza nawo miyala yomweyi.

"Wamva, Zenaido?" anatero Ponciano. "Ndiye kuti a kwanu munayamba kalekale kusenzera mzinda uno miyala. Tafunsa mayiwa ngati agogo ako analipidwa, mwina ukatengere limodzi."

Aliyense anaseka, mayiyo yekha ndiye sanaseke.

Tsopano agamula kuti miyalayo isasunthidwe. Mpita wathu ndi umene ukhote n'kuizungulira, ndipo pamwamba pake aboola denga kuti izioneka ndi kuwala kwa dzuwa. Khoma limodzi limene tinathira mu Juni tikuligumula. Mainjiniya ayambiranso masamu awo a kulemera kuja, poti miyala imene ankati ichoka ikhala. Za Okutobala palibenso akuzitchula. Ena akuti Malichi.

Miyalayo sindikudana nayo. Amene anaisema ankaidziwa ntchito, polumikizana pake sipalowa ngakhale nsonga ya mpeni. Ndinaisisita ndi dzanja pamene panalibe wondiona. Koma eni ake anafa kalekale, Cirila, sakuthamangira kulikonse. Wothamangira ndine, ndipo ndikuchita mantha.

Ukakolola nyemba usagulitse zonse.

Zenaido

Mexico, 10 Novembala 1969

Cirila,

Moni kwa iwe ndi ana. Kalata yako ndinalandira, ndipo mawu ako ndawamva onse, ngakhale aja unalemba mokanikiza pensulo mpaka kuboola pepala. Ukunena zoona, ndinalonjeza kuti Tsiku la Akufa ndidzakhala kwathu. Zikomo poyatsa kandulo pa manda a bambo. Ine ndinayatsa yanga pawindo la chipinda chino, kaya mzimu wawo unaipeza njira.

Kalata ya msonkhano nayo yafika, chidindo chili pamwamba. Anditchuladi.

Njanji yapamwamba anaitsegula mu Sepitembala. Sitima zikuyenda pamutu pathu, zamtundu wa lalanje, za matayala ampira, ndipo ikamadutsa fumbi limatigwera m'khosi. Kukhomo la mpita wathu anakhomako matabwa. Anthu ovala bwino amasuzumira m'ming'alu kuti aone njoka, n'kuona ife. Sindinakwerebe.

Ndinapita kwa Don Rutilo ndi kalata ya msonkhano ija, ndinawafotokozera zonse. Anaitembenuza uku ndi uku.

"Chaka chathunthu? Wopanda malipiro? Kwanuko ukapolo sunathe eti? Tamvera, kompadire. Ukachoka lero, mawa pachipata paima anthu oti sungawawerenge, onse akufuna malo akowa. Za mapampu zija ndi za amene ndidzawaone ndi maso tsiku la makiyi. Limba mtima mpaka Malichi."

Ndinawayang'ana m'maso n'kufunsa kuti, "Mukunena zimenezi monga kompadire wanga?"

"Nanga ndinene monga ndani?" anatero, n'kundimenya paphewa.

Ponciano anali pafupi akumva. Pa nthawi ya chakudya anandikhalira pambali.

"Iwe wa kumapiri, tatsegula makutu. Munthu ameneyu kompadire wake ndi aliyense, ngakhale galu wa pachipata uja. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Kwera basi, kanyamule ndodo yakoyo, dzenjeli udzalipeza lina."

Ndinamuyankha kuti a ku Puebla munagulitsa kale miyambo yanu pamsika. Munthu amene wanyamula mtanda wako n'kudya m'mbale yako pamaso pa anthu, akakunamiza angafe imfa yotani? Sitinalankhulane masiku angapo.

Tsono chita izi. Upite kwa Macario, utenge botolo la mowa wa mezikali ndi makandulo, umupemphe mwaulemu wonse kuti andinyamulire ndodo kuyambira Januwale. Umuuze zoona, kuti pakali pano ndilibe chomupatsa, koma ntchito ikangoyamba mu Malichi malipiro oyamba ndi ake onse. Ndi mlongo wako, ana amene amadya za m'dimbamo ndi adzukulu a mayi ake omwe.

Chifuwa chija chilipo, koma sichikundiletsa ntchito.

Mwamuna wako,
Zenaido

Mexico, 18 Januwale 1970

Cirila wanga,

Ndili moyo. Ndikhulupirira inunso.

Kalata yako ndaiwerenga mobwereza mpaka yayamba kung'ambika mopinda. Macario sindikumuimba mlandu pokana. Ali ndi pakamwa pambiri podyetsa, chaka chathunthu sangachidye malonjezo. Koma zoti ndodo inatsala yokha patebulo, amuna onse atalandira zawo, dzina langa likuitanidwa pabwalo popanda woyankha, zimenezo zikundidya. Ndipo iwe, Cirila, unaimirira pakati pa amayi n'kulankhula pamsonkhano wa amuna! Sindikudziwa kuti ndikuthokoze kapena ndibise nkhope. Bambo anga akanakhala moyo akanandikana.

Poti msonkhano watipatsa mpaka nthawi yobzala, ndiye kuti tapulumuka. Malichi sali kutali.

Ophunzira aja apita ndi timaburashi tawo. Mpita wakhota bwino, ndipo Don Rutilo andipatsa ntchito yoyala miyala yosalala pa makoma ake. Waona? Akanakhala wabodza akanandikweza chonchi? Miyala yake ndi yotuwa, imabwera yaikulu, timaicheka tokha ndi makina pansi pomwepo. Fumbi lake ndi losaneneka, timatuluka tili mbuu ngati ogwira ntchito m'chigayo. Pokhota paja ndi povuta, mwala uliwonse umafuna kudulidwa mwa wokha. Ndikayala, ndimabwerera m'mbuyo n'kuyang'ana, ndipo kwa kanthawi ndimaiwala zonse. Sindinapangepo chinthu chokongola chotere pa moyo wanga.

Akuti siteshoni iliyonse ili ndi chithunzi chake pambali pa dzina, kuti osadziwa kuwerenga asasochere. Yathu adzajambulapo mutu wa njoka ija. Ponciano akuti akanajambula munthu wosenza ndowa.

Mbuzi yamawanga ija gulitsa. Ulembe munthu akonze migula imene madzi anagumula, alime dimba lonse lionekere kuti lili ndi mwini. Anthu akaona nthaka yotembenuzidwa amachita manyazi kuilanda.

Undilembere msanga. Kalata yako yathayi inalibe moni.

Zenaido

Mexico, 31 Meyi 1970

Cirila,

Ndamva.

Sindikufunsa za umoyo wanu, poti ndikudziwa mmene mulili. Wati a msonkhano anabwera ndi chingwe, anayeza dimba kuchokera pa mtengo wa mapeyala mpaka kumtsinje, n'kupatsa mnyamata wongokwatira kumene uja amene ananyamula ndodo imene ine ndinaisiya. Ndinafuna kukwiya, ndinayenda msewu wonse ndikufunafuna woti ndimukwiyire, koma sindinamupeze. Mnyamatayo watumikira. Alowa m'dimba lolimidwa kale ndi ndalama za mbuzi yathu. Ungomuuza kuti mgula wachitatu kuchokera kumunsi umafuna kuuyang'anira mvula ikachuluka, asauleke ugwe.

Malichi anadutsa, Epulo anadutsa. Denga loboola lija linkadontha, anayamba kulikonzanso. Tsopano akuti Ogasiti. Unandilembera mu Epulo kuti bwera lero lomwe, ukagwade pamsonkhano. Ndinafika mpaka pa depoti ya mabasi, Cirila. Ndinaima pamenepo ndi kachikwama kanga. Kenako ndinaganiza kuti ndikakwera ndiye kuti ndataya zonse ziwiri, chaka chonsechi chapita pachabe, ndipo ndinabwerera.

Tsopano chatsala ndi chimodzi, ndipo chimenecho chiyenera kutheka. Don Rutilo anawasamutsira ku dzenje lina kumpoto kwa mzinda mwezi watha. Anachoka tsiku limene ine sindinaitanidwe, n'chifukwa chake sanatsanzike. Chaka chino mtanda tinaupachika popanda woupereka kwa wansembe.

Ku ofesi yolemba anthu a ntchito za sitima ndinapitako ndekha. Mzere wake unazungulira nyumba. Nditafika pawindo ndinatchula dzina la Don Rutilo, kalaliki anandiyang'ana ngati ndatchula dzina la bulu wanga. Anafunsa pepala la sukulu. Ndinati ndinalekezera kalasi yachitatu koma mapampuwo ndimawadziwa kulira kwake konse. Ananditumiza kwa dokotala wawo, poti aliyense amajambulidwa m'chifuwa. Dokotalayo anakweza chithunzi changa kuwindo, anachiyang'ana nthawi yaitali, n'kundifunsa kuti ndili ndi ana angati. Zina ananena sindinazimvetse bwino, amalankhula Chisipanishi cha m'mabuku.

Zonsezi zikuchitika chifukwa kompadire sanapiteko kukandilankhulira. Ndikawapeza akonza. Mpita ukangotha ndikawasaka.

Ponciano akupita kumalire a kumpoto kukathyola thonje. Akuti tipite limodzi, mpweya wa kumeneko ndi wouma. Ndakana.

Pakali pano, poti mulibenso polima, mukhale kaye kwa Macario. Ndatumiza zimene ndinali nazo.

Zenaido

Mexico, 11 Okutobala 1970

Cirila mkazi wanga,

Moni kwa iwe, kwa Otilia ndi kwa Fermín. Ine ndikudzuka.

Wati kwa Macario simungakhalenso, mlamu wako wayamba kubisa chakudya, ndipo mukubwera kuno kaya ndifune kaya ndisafune. Sindikuletsa. Ndilibenso pakamwa poletsera munthu. Koma uyenera kudziwa chimene ukubwerera.

Siteshoni anaitsegula mu Ogasiti. Kunabwera akuluakulu ndi oimba malipenga. Ife anatilipira Loweruka lake lapambuyo n'kutiuza kuti zikomo.

Don Rutilo ndinawapeza. Ndinayenda madenje atatu ndikufunsa, mpaka ndinawaona ataima pamulu wa mchenga akukalipira anthu. Ndinavula chipewa. Atandiona anatambasula manja.

"Kompadire! Wasowatu! Tandikumbutsa, dzina lija ndi ndani?"

Ndinawauza dzina. Ndinawakumbutsa za mtanda, za mole, za mapampu. Ndinawauza kuti dimba la bambo anga lapita. Anakanda m'mutu, ndipo ndikuuze zoona, nkhope yawo inagwa.

"Ayi, mwana wa amayi, unazitenga zenizeni? Ine ndimamanga, a sitima ndi ofesi ina, sindilembako munthu ngakhale mphwanga. Zinali za pa mowa zija, kuti mtima ukhale m'malo. Ndimauza aliyense wogwira bwino ntchito, kuti asandithawe pakati pa ntchito. Bwanji sunapite kwanu?"

Ndinawapempha kuti andilembe pa dzenje lawolo, ngakhale kusenza ndowa. Pomwepo chifuwa chinandigwira, ndipo chinatenga nthawi kuti chindisiye. Anadikira, akuyang'ana kumbali. Kenako anapisa m'thumba n'kundipatsa mapeso asanu. Ndinalandira, Cirila.

Tsono mvera bwino za njira. Mukatsika basi, ufunse polowera sitima yapansi, sipatali. Ugule matikiti pawindo, ulowetse m'kachipata, kamatseguka kokha. Ana uwagwire manja zolimba, zitseko za sitima sizidikira munthu. Usavutike ndi mayina, uziyang'ana zithunzi pamwamba pa chitseko. Mukafika pa mutu wa njoka, mutsike.

Pomwepo pali potulukira pafupi, koma musatulukire pamenepo. Mutsike masitepe, mutsate anthu opita ku sitima inayo, mulowe mumpita. Ndikufuna anawo auone. Khoma la kudzanja lamanja, kuyambira pa masitepe mpaka kuzungulira pokhota ponse, ndinayala ndine, mwala uliwonse. Umuuze Fermín ayendetse chala polumikizana pake aone ngati chikodwe. Pokhotapo muona kuwala kochokera kumwamba ndi njoka ija, aizunguliza mpanda wachitsulo ndi maluwa. Musaime nthawi yaitali. Anthu amakankha, ndipo alonda sakonda anthu ovala ngati ife akaima malo amodzi.

Mukamaliza mpita musatsikenso. Mukhotere kumanzere, mukwere masitepe opita kumsewu. Usandifunefune pakati pa ovala yunifolomu. Ndidzakhala pamwamba pa masitepewo, kunja, pansi pa chikwangwani, ndili ndi dengu la nthanga za maungu zokazinga. Ndimakhala pamenepo tsiku lililonse, choncho tsiku lililonse limene mungafike mudzandipeza. Ndaonda pang'ono. Uwachenjeze ana asadzadabwe pamaso pa anthu.

Chipinda chija ndinachisiya Ponciano atapita. Ndili kunja kwa mzinda, kumene nyanja inauma n'kusiya mchere. Ndamanga kachisakasa ka malata akale ndi makatoni, sikadontha kwambiri. Madzi timagula ku galimoto. Ubweretse mabulangete onse, mwala wopererapo ngati ungathe kuunyamula, ndi chithunzi cha woyera mtima San Bartolo. Otilia wakula, akuti m'nyumba za mumzinda amafuna atsikana othandiza. Tidzakambirana mukafika.

Musananyamuke upite kumanda a bambo, ukawauze wekha. Ine mawu ake ndilibe.

Wafunsanso za chimanga cha mbewu, chakuda chija chimene wapachika kudenga la Macario, kuti uchinyamule m'thumba kapena m'chitini kuti chisafumbwe. Usachinyamule, Cirila. Kumene ndikukhala ngakhale udzu sumera. Uchitsitse, uchiphike ndi laimu, upere, upange totiya za pa ulendo. Ana adye akhute, njirayi ndi yaitali.

Ndine mwamuna wako,
Zenaido